Amene adzagone m'ndende ndi ndani?

Mu Epulo 2021 ndinkagona mochedwa, maso ali pa foni, ndikutsatira mlandu wa Derek Chauvin, wapolisi wachizungu wa ku Minneapolis ku America amene anagwada pakhosi pa George Floyd, munthu wakuda, kwa mphindi 9 ndi masekondi 29, Floyd n'kumwalira. Tsiku limene maloya ankamanga mfundo zawo zomaliza, ndinamva woimira boma akuuza khoti kuti mlanduwu sukulimbana ndi apolisi, koma ukuteteza ntchito ya upolisi. Mtima unandiwawa. Dziko lonse linali litayenda m'misewu kudandaula za tsankho, koma m'khotimo nkhani ya khungu sinkamveka n'komwe. Ndinaimbira achemwali anga, amene agwira ntchito yolemba za m'khoti kwa zaka zambiri, ndipo ndinalankhula mopsa mtima kuti anthuwa akuopa kutchula chinthu ndi dzina lake.

Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenako anati, "Achimwene, m'khoti simulowa mtundu wonse. Mumalowa munthu mmodzi ndi mlandu umodzi. Pa anthu 12 a jury aja, anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, mmodzi yekha akakana, basi zathera pomwepo. Inu mukufuna kuti mtima wanu uphwe, kapena mukufuna kuti munthuyo amangidwe?"

Sindinayankhe. Gulu la maloya limene Keith Ellison, loya wamkulu wa boma wa chigawo cha Minnesota, anasonkhanitsa linasankha njira yopapatiza: kanema amene anajambula mtsikana wa zaka 17, madokotala ofotokoza mmene mpweya unathera, ndi apolisi anzake a Chauvin, kuphatikizapo mkulu wawo Medaria Arradondo, amene anaima pamaso pa khoti n'kunena kuti zimene zinachitikazo si zimene apolisi amaphunzitsidwa. Munthu wa jury wokonda apolisi anapatsidwa khomo lotulukira, loti apeze Chauvin wolakwa popanda kumva ngati wapereka apolisi onse. Pa 20 Epulo anamupeza wolakwa pa milandu yonse itatu, ndipo pambuyo pake analamulidwa kukhala m'ndende zaka 22 ndi theka.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikuwerenga za milandu ya mtundu umenewu, ndipo ndaona kuti zimene achemwali ananena ndi zoona, koma si zokhazo. Pali milandu ina imene kubisa ndale kukanakhala kudzipha. Waukulu pa yonseyi, kwa ine, ndi wa Rivonia.

Pa 11 Julayi 1963 apolisi a ku South Africa anatulukira pa famu ya Liliesleaf ku Rivonia, kunja kwa Johannesburg, n'kugwira atsogoleri a ANC ndi anzawo pamodzi ndi mulu wa mapepala. Pakati pa mapepalawo panali chikalata cha Operation Mayibuye, chofotokoza dongosolo la nkhondo ya zigawenga. Nelson Mandela anali kale m'ndende pa mlandu wina, ndipo anamutenga kudzamuphatikiza ndi anzakewo. Woimira boma, Percy Yutar, anawaimba mlandu wowononga katundu wa boma pansi pa lamulo la 1962, limene chilango chake chinkatha kukhala kunyongedwa. Umboni unali wochuluka moti kukana zonse kukanakhala kuseweretsa nthawi.

Apa ndi pamene ndimagoma ndi maloya awo: Bram Fischer, Vernon Berrangé, Joel Joffe, George Bizos ndi Arthur Chaskalson. Choyamba anamenya nkhondo ya mapepala. Anatsutsa chikalata cha milandu kuti sichikufotokoza bwino amene anachita chiyani ndi liti, ndipo woweruza Quartus de Wet anachitaya, boma n'kubwerera kukalemba china. Kachiwiri anagawa mlanduwo pawiri. Zimene zinali zoona anavomera: inde, Umkhonto we Sizwe, gulu lankhondo la ANC, tinaukhazikitsa, inde, tinaphulitsa nyumba ndi mapolo a magetsi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Koma pa mfundo imene inali ndi chingwe pakhosi anakanirira, kuti dongosolo la nkhondo lija linali lisanavomerezedwe, linali pongokambirana. Woweruza anavomereza mfundo imeneyi, ndipo ambiri amakhulupirira kuti inathandiza kuti asanyongedwe.

Ndiyeno panali nkhani ya pamene Mandela aime polankhula. Munthu akalowa m'bokosi la mboni, amalumbira, mawu ake amalemera pamaso pa woweruza, koma amayankha funso limodzilimodzi ndipo wa boma amamudula pakamwa nthawi iliyonse. Akalankhula ali pamalo a woimbidwa mlandu, palibe womudula, koma mawu akewo khoti siliwatenga ngati umboni wamphamvu. Maloya anamufotokozera kuti njira yachiwiriyi ikumuika pafupi ndi imfa. Iye anaisankhabe, chifukwa boma linali litatseka pakamwa chipani chake, ndipo khotilo linali malo okhawo otsala pamene nyuzipepala zinkaloledwa kulemba mawu ake. Pa 20 Epulo 1964 analankhula pafupifupi maola atatu, n'kumaliza ndi mawu oti ufulu wa anthu onse mofanana ndi chinthu chimene akufuna kuchikhalira moyo, koma ngati pafunika kutero, ndi wokonzeka kuchifera. Maloya ake anachita mantha ndi mawu omalizawo. Anamuchonderera, iye anangowafewetsa pang'ono, koma sanawachotse.

Anthu ambiri amakumbukira mawuwo n'kuiwala kuti atangotha, Walter Sisulu analowa m'bokosi la mboni n'kupirira mafunso a Yutar kwa masiku angapo, akukana kutchula dzina la munthu aliyense amene anali asanagwidwe. Mmodzi analankhula kwa dziko lonse, wina anagwira ntchito yolemetsa yomanga umboni, ndipo zonsezi zinakonzedwa limodzi. Anagwirizananso kuti ngakhale awagamule kuti anyongedwe, sachita apilo. Pa 12 Juni 1964 anthu 8 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Rusty Bernstein anapezeka wosalakwa. Denis Goldberg, chifukwa anali mzungu, anamusiya ku Pretoria pamene anzake anawatengera ku Robben Island. Tsankho linawatsatira mpaka pa khomo la ndende.

Bram Fischer yekha ndimamuganizira kawirikawiri. Anali Mbunu wa m'banja lolemekezeka, mwana wa woweruza wamkulu, ndipo iye mwini ankapitapita ku Liliesleaf mobisa monga mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu. Tsiku lililonse m'khoti muja mboni ina ikanatha kumuloza chala. Mu 1966 nayenso analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse, ndipo anamwalira mu 1975.

Ndikaika milandu iwiriyi pamodzi, wa Minneapolis ndi wa Rivonia, ndimaona kuti funso si lakuti ndale zilowe m'khoti kapena zisalowe. Funso ndi lakuti ndani akusankha, ndipo ndani adzalipire zikavuta. A ku Rivonia anali akuluakulu, odziwa chimene akuchita, ena mwa iwo odziwa malamulo. Moyo umene anaika pachiswe unali wawo. Maloya anawauza zoona zonse, kenako anatsatira zimene eni mlandu anasankha. Pamene zinthu zimasokonekera ndi pamene munthu wosadziwa kanthu asandutsidwa mbendera ndi anthu amene madzulo adzapita kukagona kwawo.

Chitsanzo chimene chimandisowetsa tulo ndi cha anyamata a ku Scottsboro. Mu Malichi 1931, ku Alabama ku America, anyamata akuda 9 anatsitsidwa m'sitima ya katundu n'kunamiziridwa kuti agwirira akazi awiri achizungu. Ena anali ndi zaka 13 zokha. Pasanathe milungu itatu, 8 anali atagamulidwa kuti aphedwe. Bungwe la International Labor Defense, logwirizana ndi achikomyunizimu, linalanda mlanduwo pampikisano ndi NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, linachititsa zionetsero m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya, n'kulemba ntchito loya wotchuka wa ku New York, Samuel Leibowitz. Ndinene mosabisa: popanda phokoso limenelo anyamatawo akanaphedwa mwakachetechete. Mlanduwu unabala zigamulo ziwiri zazikulu za khoti la Suprimu la America. Cha 1932, Powell v. Alabama, chinati munthu amene moyo wake uli pachiswe ayenera kupatsidwa loya weniweni. Cha 1935, Norris v. Alabama, chinati n'kulakwa kutsekera anthu akuda kunja kwa jury. Pa chachiwirichi Leibowitz ananyamula mabuku a mayina a jury mpaka ku Washington, ndipo oweruza anayang'ana okha ndi galasi lokulitsa zinthu mmene mayina a anthu akuda anawonjezeredwera pambuyo pake kuti aphimbe bodza.

Koma phokoso lomwelo linali ndi mtengo wake, ndipo amene analipira ndi anyamatawo. Mu 1933 mmodzi wa akazi aja, Ruby Bates, anabwera kukhoti n'kuvomera kuti ananama. Jury inagamulabe imfa. Woimira boma anali atawakumbutsa kuti chilungamo cha Alabama chisagulidwe ndi ndalama za Ayuda a ku New York, ndipo mlandu sunalinso wa zimene zinachitika m'sitima, unasanduka wa ulemu wa chigawo chonse. Leibowitz atabwerera kwawo ananyoza anthu a jury aja pamaso pa atolankhani, ndipo mawu akewo anafika ku Alabama, kumene makasitomala ake ankayenera kudzaweruzidwanso. Woweruza James Horton anakana chigamulocho chifukwa umboni unali wosamveka, ndipo chaka chotsatira anthu anamuchotsa pa mpando pa chisankho. Anayi anamasulidwa mu 1937. Womaliza anatuluka m'ndende mu 1950, unyamata wake wonse utathera m'menemo. Clarence Norris, mmodzi wa anyamatawo, anakhululukidwa mu 1976, atakalamba. Ife timatchula mayina a zigamulo ziwiri zija ndi chimwemwe, ndipo n'koyenera, koma anthu amene anatibweretsera zigamulozo sanafunsidwe ngati akufuna kukhala mbiri.

Palinso nzeru ina imene sindinkaidziwa, yakuti mlandu wopita nawo kukhoti nthawi isanakwane ukhoza kumanga mtundu wonse unyolo. Mu 1892 gulu la anthu akuda ophunzira ku New Orleans linakonza dala kuti Homer Plessy akwere chipinda cha azungu m'sitima kuti amangidwe, iwo akatsutse lamulo lolekanitsa akuda ndi azungu m'sitima. Cholinga chinali chabwino, koma oweruza a nthawiyo sanali okonzeka. Mu 1896 analuza ku khoti la Suprimu, oweruza 7 kwa mmodzi, ndipo chigamulocho chinadalitsa tsankho m'dziko lonse ndi mfundo yakuti kulekanitsa anthu palibe vuto bola zinthu zikhale zofanana. Panadutsa zaka 58 kuti chigwe.

Amene anayamba kuchigwetsa ndi Charles Hamilton Houston, mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Howard, amene anaphunzitsa Thurgood Marshall, loya amene anadzapitiriza ntchito yakeyo. Iye sanathamangire kukagunda khoma pakati. Anayenda m'zigawo za kummwera ndi kamera akujambula sukulu za ana akuda, zisakasa zodontha, pafupi ndi sukulu za njerwa za ana achizungu. Kenako anayambira pamwamba, pa sukulu za uloya ndi maphunziro apamwamba. Chifukwa chake chinali chanzeru. Oweruza ambiri anadutsa m'sukulu za uloya, ndiye palibe akanawanamiza kuti timazipinda tochepa tokhala ndi aphunzitsi obwereka n'tofanana ndi yunivesite yeniyeni. Komanso boma silikanakwanitsa kumanga sukulu yachiwiri ya uloya, ya udokotala, ya china chilichonse, chifukwa cha ophunzira ochepa. Anapambana ku Maryland mu 1936, ku Missouri mu 1938, ndipo Marshall anapambana ku Texas ndi ku Oklahoma mu 1950, chaka chimene Houston anamwalira. Pofika pa 17 Meyi 1954, pamene oweruza onse 9 anagwirizana pa mlandu wa Brown v. Board of Education kuti kulekanitsa ana akuda ndi achizungu m'sukulu za boma n'kosaloledwa, khomalo linali litadyeka kale pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneku kunatenga zaka pafupifupi 20, ndipo ana amene anayamba sukulu Houston akujambula anamaliza ali m'zisakasa zomwezo.

Njira imeneyi ili ndi mbali imene imandipweteka, ndiyo kusankha munthu woti aimire mlandu. Mu Malichi 1955 ku Montgomery ku Alabama, mtsikana wakuda wa zaka 15, Claudette Colvin, anakana kusiyira mzungu mpando m'basi, miyezi 9 Rosa Parks asanachite zomwezo. Apolisi anamukoka n'kumutsekera. Atsogoleri a anthu akuda sanamangire pa iye kunyanyala kwa mabasi kumene kunadzayamba Parks atamangidwa. Panali chifukwa cha malamulo, chakuti pa apilo khoti linachotsa mlandu wophwanya lamulo la tsankho n'kusiya wolimbana ndi wapolisi, motero panalibenso poimira potsutsa lamulolo. Koma panalinso chifukwa china, chakuti anali mwana wa m'banja losauka ndipo ankaopa kuti adani amupezera zifukwa. Ndimamvetsa mantha awowo. Komabe sindingathe kunena kuti zinali zabwino kuti mwana wolimba mtima chonchi asiyidwe yekha, anzake akumusala. Ndipo taonani mmene zinathera: mlandu umene unathetsadi tsankho m'mabasi sunali wa Parks. Loya wachinyamata Fred Gray anaona kuti mlandu wa Parks ukhoza kumira m'makhoti a Alabama kwa zaka, choncho mu 1956 anakatsegula wina ku khoti la boma lalikulu, wa Browder v. Gayle, ndipo mmodzi mwa akazi anayi odandaula anali Colvin yemweyo. Khoti la Suprimu linagwirizana nawo mu Novembala 1956, kunyanyala n'kutha patatha masiku 381. Dzina la Colvin linafufutidwa m'kaundula wa olakwa mu 2021.

Nanga ife amene si maloya, amene timangomva kuwawa tikaona munthu akuzunzidwa chifukwa cha khungu lake, gawo lathu ndi liti? Kale ndinkaganiza kuti ndi kukweza mawu basi. Tsopano ndimaganiza za Harry Briggs. Mwa milandu isanu imene inaphatikizidwa kukhala Brown, umodzi unachokera ku Clarendon County, ku South Carolina, kumene makolo anayamba ndi kupempha basi yokha yonyamula ana awo. Dzina la Briggs linali loyamba pa chikalata. Anachotsedwa ntchito pamalo omwetsera mafuta, mkazi wake anachotsedwanso pa motelo imene ankagwira, ndipo banjalo linasamuka. M'busa J. A. DeLaine, amene anasonkhanitsa makolowo, nyumba yake inapsa, tchalitchi chake chinatenthedwa, ndipo anathawira ku New York. Mlandu ukatenga zaka zisanu, ana a wodandaula amafuna chakudya zaka zisanu zonsezo. Adani a chilungamo amadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake sathamangira kupambana m'khoti, amangodikira kuti njala imugonjetse munthu.

Anthu amene anamvetsa zimenezi ndi a International Defence and Aid Fund. Thumbali linayamba ndi wansembe John Collins wa ku St Paul's ku London, pa nthawi ya mlandu woukira boma wa ku South Africa umene unayamba ndi kumangidwa kwa anthu 156 mu Disembala 1956 n'kutha mu Malichi 1961 popanda ndi mmodzi yemwe wopezeka wolakwa. Zaka zoposa zinayi anthu akupita kukhoti m'malo mopita kuntchito. Thumbalo linkalipira maloya, komanso lendi ndi fizi ya ana. Boma la South Africa litaliletsa mu 1966, ntchito inapitirira mobisa. Anthu wamba a m'maiko ena ankalembera makalata mabanja a akaidi, n'kuikamo ndalama ngati mphatso yochokera kwa bwenzi, chaka ndi chaka, osauza aliyense. Palibe anawaombera m'manja. Ndikaganiza za kuthandiza, chithunzi chimene chimandibwerera ndi cha munthu wotere atakhala patebulo usiku, akulembera mayi amene sanamuonepo.

Ntchito ina yosaoneka ndi kuwerenga. Mu 1987 maloya a Warren McCleskey, munthu wakuda amene anagamulidwa imfa chifukwa chopha wapolisi wachizungu, anabweretsa ku khoti la Suprimu kafukufuku wa David Baldus, amene anasanthula milandu yakupha yoposa 2,000 ya ku Georgia n'kupeza kuti wopha mzungu anali pangozi yogamulidwa imfa kuwirikiza kanayi kuposa wopha munthu wakuda. Khoti silinatsutse manambalawo. Linati, oweruza 5 kwa 4, manambala a chigawo chonse sakusonyeza kuti pa mlandu wa McCleskey weniweniwo panali munthu amene anachita tsankho mwadala. McCleskey anaphedwa mu 1991. Nditawerenga chigamulochi ndinakumbukira mawu a achemwali aja, kuti m'khoti mumalowa munthu mmodzi, ndipo ulendo uno sanandikhazike mtima pansi, anandiwawa. Tsankho limagwira ntchito pa anthu miyandamiyanda, koma khoti limafuna kuti ulionetse pa nkhope imodzi.

Maloya anaphunzirapo kanthu. Curtis Flowers, munthu wakuda wa ku Winona ku Mississippi, anazengedwa kasanu ndi kamodzi pa mlandu umodzi wopha anthu anayi m'sitolo ya mipando mu 1996, ndipo nthawi zonsezo woimira boma anali yemweyo. Kuyambira 1986, chigamulo cha Batson v. Kentucky chimaletsa kuchotsa munthu pa jury chifukwa cha khungu, koma wa boma amangofunika kupereka chifukwa china chilichonse chomveka, ndipo zifukwa sizisowa. Omuimira Flowers sanapite ndi manambala a dziko lonse. Anatsegula mafaelo a milandu isanu ndi umodzi ija, dzina ndi dzina, funso ndi funso. Anapeza kuti mwa anthu akuda 42 amene akanatha kukhala pa jury, loya mmodziyo anachotsa 41. Anasonyezanso kuti pa mlandu womaliza anapanikiza anthu akuda ndi mafunso ambirimbiri pamene azungu ankangowafunsa limodzi kapena osawafunsa n'komwe. Mu Juni 2019 khoti la Suprimu, oweruza 7 kwa 2, linafafaniza chigamulo cha imfa. Mu Disembala chaka chomwecho Flowers anatuluka pa belo, atakhala m'ndende zaka pafupifupi 23, ndipo mu Seputembala 2020 boma linausiya mlanduwo. Mayi ake, amene ankamuyendera kundende zaka zonsezo, anamwalira mu 2018.